Kompyuta Yatsopano Ikamazima Yokha

Kuyambira m'caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba mayeso a maphunziro a kompyuta kwa nthawi yoyamba m'Zambia, makina amenewa afika m'masukulu ndi m'maofesi ambiri, ndipo boma la Chadiza silinatsalire m'mbuyo. Koma pali bvuto limodzi losautsa: kompyuta yongocotsedwa kumene m'katoni imazima yokha kapena kuuma pakati pa nchito, ndipo zimene kalaliki kapena mphunzitsi anali kulemba zimatayika.

Ambiri amafulumira kunena kuti wogulitsa anawabera. Nthawi zina zimakhaladi tero, koma munthu wanzeru amayamba wafufuza, ndipo amayesa cinthu cimodzi pa nthawi imodzi.

Coyamba ndi magetsi. Kompyuta imafuna mphamvu yokhazikika ya mavoti 230, ndipo mphamvuyo ikatsika ngakhale kwa kamphindi, makina amazima. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, ZESCO inali kuzimitsa magetsi kwa maola ambiri patsiku, ndipo anthu anatembenukira ku majenereta ndi magetsi a dzuwa. Jenereta yaing'ono imasinthasintha mphamvu. Mankhwala ake ndi kabokosi ka batire kochedwa UPS, kamene kamasunga kompyuta yoyaka kwa mphindi zingapo kuti munthu asunge nchito yake.

Caciwiri ndi kutentha. Ena amaphimba kompyuta ndi citenje poopa fumbi, naiwala kucicotsa poyatsa. Mphepo ikalephera kulowa, makamaka m'mwezi wa Okutobala, makina amadzizimitsa okha kuti asapse. Ayenera kuikidwa pathebulo, motalikirako ndi khoma.

Cacitatu ndi zolumikiza. Mwini wake acotse pulinta, fulashi ndi zina zonse, nkumazibwezera cimodzicimodzi. Fulashi yoyenda m'makompyuta ambiri ndiyo imabweretsa mavairasi.

Cacinayi ciri mkati. Pa ulendo wocokera ku Lusaka kapena ku Chipata, kugwedezeka kwa galimoto kungamasule timapuleti ta RAM, m'mene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo. Pulogalamu ya Windows Memory Diagnostic, imene imabwera pamodzi ndi Windows, imayesa timapuletito popanda kutsegula bokosi. Apa pafunika cenjezo: kutsegula kompyuta yatsopano, kapena kuipereka kwa wokonza mawailesi, kungacititse wogulitsa kukana kuisintha. Lisiti ndi pepala la galanti zisungidwe bwino.

Cida cacikulu pa nchito yonseyi ndi kabuku ndi pensulo. Nthawi iriyonse pamene kompyuta yazima, palembedwe tsiku, ola, nchito imene inali kucitika, ndi mau amene aoneka ngati galasi lasanduka labuluu. Ikamazima masana okha, colakwa cingakhale kutentha. Ikamazima pamene firiji yayaka, ndi magetsi. Ikamazima pa pulogalamu imodzi yokha, pulogalamuyo ndiyo ifunika kuikidwanso.

Zonsezi zikalephera, mwini wake abwezere kompyutayo kusitolo nthawi ya galanti isanathe, atanyamula kabukuko. Wogulitsa angatsutse mau a pakamwa, koma cimam'bvuta kutsutsa masiku ndi maola olembedwa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.