Mbale yaing'ono si chipongwe

Mayi wina wa m'gulu lathu la chilimba kuno ku Chelstone anabwerako ku India atachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Ndalama zina za ulendowo zinatuluka m'gulu lathu lomweli, choncho patapita masiku awiri tinadzadzana m'nyumba mwake kukazonda matenda. Sitinapite chimanjamanja. Wina ananyamula nkhuku yokazinga, wina mavitumbuwa, wina mabotolo a Fanta, ndipo wamkulu wathu anafika ndi nsima yake yotentha ndi delele, ati wodwala amatsitsira bwino ndi thelele.

Tinamupeza ali pampando, m'manja muli kakapu ka msuzi wosefa, akumwa ndi kasupuni ka tiyi. Zathu zonse anakana. Wamkulu wathu uja anamunyengerera kuti, "Asisi, idyaniko ngakhale mbamu imodzi, mwachoka kutali inu." Atakananso, m'nyumba munazizira. Potuluka, ena a ife tinkang'ung'udza kuti munthu akakwera ndege amayamba kunyansidwa ndi nsima ya anzake. Tsiku limenelo panali patangopita masiku 10 kuchokera pamene anamudula chifu, ndipo mbamu imene tinkamukakamiza ikanatha kumubwezera kuchipatala.

Tikulemba izi chifukwa tinalakwa, ndipo tinalakwa chifukwa cha chikondi chosadziwa. Malangizo a kadyedwe amapatsidwa kwa wodwala yekha, papepala la Chingelezi, m'chipatala cha kutali. Koma kuno kwathu munthu sadya yekha. Amaphikira banja, amadya m'nyumba ya maliro, amapatsidwa mbale pa kitchen party, ndipo kukana chakudya cha apongozi ndi mlandu. Ngati a pakhomo pake sakudziwa malamulowo, wodwalayo amakhala akulimbana ndi anthu omwe amamukonda katatu patsiku. Maganizo athu ndi akuti pepala lija ndi la nyumba yonse, ndipo aliyense wogwira mthiko pakhomopo ayenera kulidziwa.

Opaleshoniyi madokotala amaitcha gastric sleeve. Amaboola timabowo tingapo pamimba, n'kudula ndi kuchotsa magawo atatu mwa anayi a chifu, nthawi zina mpaka 80 peresenti. Chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi, chotsekedwa ndi mzere wautali wa timawaya tosokera, ndipo m'miyezi yoyamba sichilandira chakudya chodzaza ngakhale kapu ya tiyi. Mbali yochotsedwayo ndi imene imapanga kwambiri timadzi totchedwa ghrelin, timene timauza ubongo kuti njala yafika. N'chifukwa chake munthuyo akati sakumva njala amakhala akunena zoona. Chifu chodulidwacho sichibwezeretsedwa. Zikatheka zatheka, moyo wonse.

Mzere wosokedwa uja ndi umene umalamula milungu yoyamba. Zipatala zimasiyana pang'ono pa masiku, ndipo la dokotala wake ndilo loyenera kutsatira, koma njira yake imakhala yofanana. Masiku oyambirira ndi zamadzi zokhazokha: madzi, msuzi wosefa, kenako mkaka, yogati yopanda shuga kapena mabisi osalala, mpaka pafupifupi milungu iwiri. Mlungu wachitatu ndi wachinayi ndi zakudya zopera, zosalala ngati phala la khanda. Kenako zofewa, monga dzira lofufuta, nsomba yowiritsa yochotsa minga, nyemba zophika mpaka kusungunuka. Chakudya cha masiku onse amachiyamba pang'onopang'ono pakatha milungu 6 mpaka 8. Amene alibe makina opera, kapena magetsi akathima monga tazolowera, kamtondo ka kukhitchini ndi sefa zimagwira ntchito yomweyo.

Pa nsima tiyime pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pamayambira mikangano. Kwa ife munthu amene sanadye nsima sanadye, ngakhale atamaliza nkhuku yonse. Komanso nsima sititafuna kwenikweni: timaumba, kusunsa, n'kumeza. M'chifu chowonda ngati nthochi mbamu yotere imakhala ngati mwala. Munthu amamva kuwawa pachifuwa, malovu amadzadza m'kamwa, kenako amasanza. Ngakhale itatsika bwino, imatenga malo onse, ndipo thupi limatsala lopanda zomanga thupi zimene likufunikira kuti bala lipole ndiponso kuti minofu isasungunuke limodzi ndi mafuta. Choncho mbale yathu iyenera kutembenuzidwa. Ndiwo za nyama, nsomba, dzira kapena nyemba zikhale poyamba, zamasamba zitsatire, ndipo nsima, ikaloledwa, ibwere pomaliza, kambamu kofewa, ngati malo atsala. Nthawi zambiri satsala.

Madokotala amafuna kuti munthuyu azipeza magalamu 60 mpaka 80 a zomanga thupi patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, ndiye onani ntchito imene ilipo kwa munthu wodya masupuni owerengeka. Pepala lochokera kunja limatchula maufa a m'zitini okwera mtengo, ndipo milungu yoyamba amathandizadi. Koma pa msika wa Chelstone pali zambiri zimene pepalalo silizidziwa. Kapenta wouma, kaya wa ku Siavonga kaya wa ku Mpulungu, ndi wodzaza ndi zomanga thupi, ndipo poti timadya ndi minga yomwe, amapatsanso kashiamu. Kumuviika kuti mchere uchepe, kumuumitsa n'kumusinja, ufa wake umalowa mu msuzi bwinobwino. Pali soya pieces, nyemba za kabulangeti, mabisi, nsinjiro zothira pang'ono m'chibwabwa. Chimene chiyenera kuchoka ndi mafuta osambira aja amene timayesa ulemu wa ndiwo.

Kadyedwe kakenso kamatidabwitsa. Amadya pang'onopang'ono, kutafuna mpaka chakudya chisanduke phala m'kamwa, ndipo kambale kamodzi kamamutengera mphindi 20 kapena 30. Akangomva kuti wakhuta amaleka pomwepo, ngakhale patsale supuni imodzi. Sakumwa madzi akudya. Amasiya kumwa chakudya chisanafike, n'kudikiranso mphindi 30 atamaliza. Koma pakati pa zakudyazo ayenera kumwa madzi okwana lita imodzi ndi theka mpaka awiri patsiku, mopsontha pang'onopang'ono, pakuti kugugudiza sikutheka. M'kutentha kwa Okutobala, kusowa madzi m'thupi ndi kumene kumagwetsa ambiri. Mukamuona akuyenda ndi botolo mu minibasi ya ku Great East Road, si fasho.

Zakumwa za gasi ayi. Zotsekemera nazonso ayi, ndipo apa maheu amanyenga, chifukwa timawayesa chakudya cha odwala. Zamadzi zimadutsa m'chifu chaching'ono mosavuta, choncho munthu akhoza kumwa shuga wambiri osamva kukhuta, n'kubwezera thupi lonse limene anataya. Mowa ndi nkhani ina, makamaka kwa azibambo, pakuti nawonso amachitidwa opaleshoniyi. Mowa umafika m'magazi msanga ndi mwamphamvu kuposa kale, ndipo ena amene sankavutika nawo amadzagwa m'chizolowezi. Mnzanu akakana botolo pa michopo Loweruka, musamuseke kuti akulamulidwa ndi mkazi.

Ena a inu mukuti izi ndi za ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kwa anthu amene amadwala chifukwa chokhuta. Tikumva. M'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kukamba za kudula chifu kumamveka ngati mwano. Koma kafukufuku wina wa mu 2017, wotchedwa STEPS, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse m'Zambia ndi wolemera mopitirira muyezo. Mavuto awiriwa amagona m'nyumba imodzi. Mnzathu uja si wolemera ndalama. Anali ndi shuga, BP ndi mawondo okana kukwera masitepe, ndipo anakongola kuti apite. Amene amati opaleshoni ndi njira yachidule ya aulesi akamuone akulimbana ndi dzira limodzi kwa theka la ola.

Chimene chimapweteka kuposa njala ndi pakamwa pathu. Munthu wochitidwa opaleshoniyi amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, nthawi zina kuposa, m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Zovala zimalendewera, masaya amalowa, ndipo pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi tsitsi limathothoka, ngakhale limadzameranso. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa zimene kuwonda kotere kunkatanthauza, ndipo mawu aja akuti "kanayaka" sanafe. Kunenepa timakutcha kusungidwa bwino. Choncho mphekesera zimayamba pampopi, apongozi amaitanitsa mwana wawo kumufunsa ngati m'nyumba muli njala kapena matenda, ndipo mayiyo, pofuna kutseka pakamwa pa anthu, amayamba kudya mabisiketi ndi mavitumbuwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Kudya kotolatola kumeneku ndi njira yodziwika imene thupi limabwererera. Sitinganene kuti ndi kufooka kwake yekha pamene tinamukankhira kumeneko ndife.

Pali zinanso zimene a pakhomo ayenera kudziwa, zokhudza mankhwala. Mavitamini ndi a moyo wonse: a tsiku ndi tsiku, B12, ayironi, kashiamu ndi vitamini D, malinga ndi mmene dokotala walembera. Munthu akayamba kupeza bwino, ndalama ya mavitamini ndi imene imayamba kudulidwa mu bajeti, ndipo kuchepa kwa magazi ndi dzanzi m'miyendo zimabwera mwakachetechete. Brufen ndi diclofenac, zimene timagawana ngati maswiti wina akamva msana, zikhoza kuyambitsa zilonda m'chifu chotere, choncho asamwe popanda dokotala. Wodwala shuga afunika kuonedwanso mankhwala ake mwamsanga, chifukwa mlingo wakale pa chakudya chochepa chonchi ukhoza kugwetsa shuga mpaka kukomoka. N'chimodzimodzi ndi a BP. Ndipo amene amamwa ma ARV auze a ku kiliniki yake za opaleshoniyi. Mankhwala a TLD, amene ambiri akumwa masiku ano, ali ndi dolutegravir, ndipo mapiritsi a kashiamu ndi ayironi amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi pamimba popanda chakudya. Lamulo lodziwika ndi kumwa TLD maola awiri asanamwe mapiritsiwo, kapena maola 6 atamwa, koma nthawi yake akonze ndi a kuchipatala.

Kwa apongozi ndi alangizi, nkhani ya mimba. Mayi akachepa thupi amatha kutenga pakati mosavuta, ngakhale amene anavutika zaka zambiri. Koma madokotala amati adikire miyezi 12 mpaka 18, chifukwa thupi limene likutaya kulemera mofulumira silingadyetse mwana bwino. Mdzukulu adikire.

Ntchito za pakhomo nazo zigawidwe. Kuyenda n'kofunika kuyambira masiku oyamba, chifukwa kumateteza magazi kuundana m'miyendo, ndipo kuzungulira mpaka pa thanki ya Chelstone m'mawa dzuwa lisanakwere n'kokwanira poyambira. Koma kunyamula ndowa ya madzi, thumba la makala kapena la ufa la makilogalamu 25 kudikire milungu 4 mpaka 6. Fodya asiyiretu.

Dokotala amene anamudula ali kutsidya kwa nyanja, ndipo WhatsApp siyeza magazi. Munthuyu amafunika kuyezedwa magazi kangapo m'chaka choyamba, kenako chaka ndi chaka mpaka kalekale. Asananyamuke n'komwe ayenera kudziwa amene adzamutsatire akabwerako, ndipo mapepala onse a opaleshoni asungidwe pamalo odziwika ndi banja lonse. Mtima ukayamba kuthamanga kwambiri, thupi kutentha, mimba kapena phewa la kumanzere kuwawa, mpweya kubanika, m'milungu yoyambayo zikhoza kutanthauza kuti msoko ukudontha. Pamenepo sipofunika kudikira kuti kuche. Chipatala cha Levy Mwanawasa chili pafupi nafe pa Great East Road, UTH iliponso, ndipo wopita naye anene pofika kuti munthuyu anadulidwa chifu tsiku lakuti. Kusanza kosalekeza kwa masiku angapo nakonso si kwa kungoyang'ana, chifukwa vitamini B1 amatha msanga m'thupi ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo.

Zonsezi sitinazidziwe tsiku lija. Anatiphunzitsa ndi mwana wake wamkazi, amene anatenga pepala lija n'kutiwerengera m'Chinyanja pa msonkhano wotsatira wa chilimba, ife tili chete ngati ana a sukulu. Wamkulu wathu, yemwe uja wa delele, ndi amene anayamba kusinja kapenta n'kumatumiza m'kabotolo mlungu uliwonse.

Patapita miyezi inayi tinali limodzi pa kitchen party ku Kabwata. Pofika nthawi ya chakudya tinapempha ogawa kuti mnzathuyo amupatse sosala m'malo mwa mbale. Anaikapo kachidutswa ka nsomba ndi supuni ziwiri za chibwabwa. Mayi wina wa tebulo loyandikana nalo anayang'ana sosalayo, n'kuyang'ana ife, n'kufunsa mokweza ngati chakudya chatha. Wamkulu wathu anamuyankha kuti chilipo chambiri, akatengeko chachiwiri ngati akufuna. Ife tinali titasamba kale m'manja pamene mnzathuyo ankamaliza nsomba yake, ndipo chibwabwa china chinatsala.