Musanagule Chinjinga, Yambani Mwachidzutsa

Kunyumba kwa msuweni wanga kuli mtengo wa mango, ndipo pansi pake paima chinjinga chamoto chomwe chatha chaka ndi miyezi osalira. Anachifunditsa tenti yabuluu. Nkhuku ina inapezamo malo oikira mazira kuseri kwa tayala. Tsiku lomwe chinafika kuchokera ku Joni, ana a m'dera lonse anachithamangira mpaka pageti, wailesi yake ikuimba, magetsi ali ngwee ngati basi ya usiku. Mwini wake anachikwera miyezi 4 yokha. Mwezi wachisanu pampu ya mabuleki inafa, ndipo atamva mtengo wa ina anangoti kukamwa yasa. Ndalama zogulira chinjingacho zinachokera pa puloti yomwe mlamu wanga ankafuna kumangapo nyumba ya lendi. Mpaka lero nkhani ya pansi pa mango ikayambika, nsima imazizira m'mbale.

Anzanga, sabata ino ndabwera ndi mlandu. Ine njinga zikuluzikulu zoyendera maulendo ataliatali ndimazikonda, ndipo ikamadutsa Gold Wing mumsewu ndimatembenuka ngati mwana. Chomwe chandikwana ndi mchitidwe wogula ndi maso ndi makutu. Munthu waona chithunzi pa WhatsApp, wamva kulira kwa injini pa kavidiyo, dobadoba wamuuza kuti "bwana, iyi ndi yoyera, mwini wake anali mzungu wokalamba", basi ndalama zapita. Kulemera kwake sanafunse, masipeya sanafunse, makaniko woidziwa sanamufufuze. Safunsa anadya phula, ndipo phula la chinjinga amadya ndi banja lonse.

Tiyambe ndi kulemera, poti apa ndi pomwe ambiri amanamizika. Honda Gold Wing GL1800, yomwe inatuluka mu 2001, ili ndi injini ya 1832cc ya masilinda 6, ndipo ikathiridwa mafuta imapitirira makilogalamu 400. Amenewo ndi matumba 8 a chimanga, musanakwerepo inu, mayi a kunyumba ndi katundu. Njinga ya kabaza yomwe mwina munaphunzirirapo imalemera pang'ono kuposa matumba awiri. Eni ake a Honda anadziwa vutoli, n'chifukwa chake kuyambira pa GL1500 ya mu 1988 anaikapo giya yobwerera m'mbuyo. Njinga yofuna livesi ngati galimoto ikukuuzani yokha kuti miyendo yanu siikwanira.

Chodabwitsa n'chakuti pa liwiro chinjingachi chimapepuka. Pamsewu wabwino chimayenda myaa, mphepo osakukhudzani, msana uli phee. Chimakulangani mukamayenda pang'onopang'ono, potembenuka pa filing'i sitesheni, potuluka pageti, pokhota pamsika anthu ali piringupiringu. Mukagwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi handulo ili yokhota, chimagona pansi nthawi yomweyo, ndipo mwendo ukatsalira pansi pake ndi nkhani ya kuchipatala. Odziwa amayenda pang'onopang'ono ndi buleki yakumbuyo, kilachi ali nayo pakati, maso ali komwe akufuna kupita osati patayala. Poimika amayang'anitsa mphuno kumtunda n'kusiya mu giya, ndipo pamchenga kapena pa phula lotentha amaika kathabwa pansi pa sitandi kuti isamire. Chikagwa, amachifulatira, n'kutsamiritsa matako pampando, n'kukankha ndi miyendo. Wochidzutsa ndi msana amakhala sabata akuyenda ngati nkhalamba. Zonsezi munthu amaphunzira pabwalo lopanda anthu, masiku ambiri. Koma ife timafuna tsiku loyamba lomwelo tikaonekere ku ukwati.

Ndiye misewu yathu. Zinjinga zimenezi anazipangira misewu yosalala ya ku America ndi ku Ulaya. Mimba ya GL1800 imatalikirana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 13 okha. Ganizirani mahampu a m'matauni a pa M1, maenje odzaza madzi m'dzinja, mchenga wa kunyanja, mbuzi yodumphira mumsewu. Ganizirani kutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena makona a Chiweta, muli awiri ndi katundu, pa mabuleki omwe simukudziwa kuti anawaona liti makaniko. Kumudzi kwanu ngati tala amathera pa tireding'i senta, makilomita otsalawo mudzayenda mukupemphera.

Tsopano pogula. Bodza lokoma kwambiri pa msika umenewu ndi lakuti "yayenda pang'ono". Njinga ya zaka 15 yomwe yayenda pang'ono ndiye kuti yakhala nthawi yaitali itaima, ndipo kuima kumawononga. Mapaipi a labala amauma, masilu a mafoloko amayamba kudontha, thanki imachita dzimbiri mkati, batire imafa. Bola yomwe yayenda kwambiri koma ili ndi buku losonyeza kuti oilo ankasinthidwa pa nthawi yake. Yochokera ku UK muisuzumire kunsi, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu ndipo mcherewo umadya chitsulo. Muonenso ngati mita yake ikuwerenga mamailosi, poti mailosi imodzi ndi kilomita 1.6. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo zinjingazi zakutidwa ndi pulasitiki wonyezimira yemwe amabisa zambiri.

Mukafika pamalo, gwirani injini musanalole kuti ailize. Ikakhala yofunda, wogulitsayo waitenthetseratu kuti musamve mmene imavutira m'mawa. Yang'anani nsonga za handulo, zopondera ndi zitsulo zotchinga injini, poti njinga yomwe inagwapo imasiya zipsera pamenepo. Pa tayala pali manambala 4 osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Mukaona 2315, ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2015, ndipo tayala loterolo ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano, labala wake anauma kalekale. Nambala ya chasisi yomwe ili pakhosi pa felemu ifanane ndi ya pa mapepala, chilembo ndi chilembo. Yochokera ku South Africa ikhale ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti sinabedwe, ndipo msonkho wa ku MRA muuwerengeretu musanatumize khobidi. Pali anthu anagula motchipa n'kudzapeza kuti bulubuku sangaione.

Zikatha izi pamabwera funso lomwe msuweni wanga sanadzifunse: adzaikonza ndani? Amakaniko athu ali ndi luso, amatha kudzutsa njinga ya kabaza ndi sipanala ziwiri pansi pa mtengo. Koma izi ndi nyama zina. GL1500 ili ndi malamba oyendetsa mavalavu, ndipo lamba wokalamba akaduka injini imadzivulaza yokha. Njinga zina za BMW za pakati pa 2001 ndi 2006 zili ndi mabuleki othandizidwa ndi pampu ya magetsi, yomwe imafuna kusinthiridwa mafuta mwa ndondomeko yake. Pa ma BMW a injini ya boxer asanafike 2013, kuti musinthe kilachi pamafunika kugawa njinga pakati. Zambiri mwa njingazi zimayendera shafiti m'malo mwa tcheni, ndipo shafitiyo ili ndi oilo wake yemwe anthu amamuiwala. Mafuta a mabuleki amafuna kusintha zaka ziwiri zilizonse chifukwa amamwa chinyezi. Mu Gold Wing kilachi imasambira mu oilo wa injini, ndiye mukathira oilo wina wa galimoto imayamba kuterereka. Pa botolo pazilembedwa JASO MA. Tayala lakumbuyo la 180/60-16 simulipeza pa shopu ya masipeya a kabaza. Mudzaliitanitsa kunja, ndi ndalama zakunja zomwe ngakhale a mabizinesi akuluakulu amazisowa.

Petulo wathu nayenso ali ndi khalidwe lake. Kuyambira 1982 dziko lino limasakaniza petulo ndi ethanol, yemwe lero amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku sidandaula. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo chinjinga chongotuluka kamodzi pamwezi chimaunjika madzi m'thanki, makabureta akale n'kutsekeka. Kamwedwe kakenso ndi ka galimoto yaing'ono, makilomita 15 kapena 17 pa lita. Lilongwe mpaka Blantyre ndi malita pafupifupi 20, pa thanki ya malita 25. Inu amene mwagonapo pamzere wa mafuta mukudziwa tanthauzo lake.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kundiyankha mumtima. "Ndalama ndi zanga, iwe zikukukhudza bwanji? Nsanje basi." Zoona, ndalama ndi zanu, ndipo munthu wokhetsa thukuta ali ndi ufulu wodzisangalatsa. Koma msewu ndi wa tonse. Matumba 8 a chitsulo othamanga pa 120, pa matayala ouma, m'manja mwa munthu amene layisensi yake ndi ya A1 ya tinjinga ta 125cc kapenanso alibiretu, akalephera kuima amapweteka mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Mawodi a othyoka mafupa ku Queens ndi ku Kamuzu Central adzaza kale ndi ngozi za kabaza. Ena mumati chinjinga chachikulu n'chotetezeka poti chili ndi ABS. ABS yomwe nyali yake yakhala ikuyaka pa dashibodi zaka zitatu, wina n'kuimata ndi tepi yakuda, siiteteza munthu.

Amene mtima wakana kumva, gulani, koma mwa dongosolo. Tengani layisensi ya A. Yendani kaye chaka pa njinga ya 400cc kapena 650cc, yomwenso imalimba mumsewu wafumbi. Pezani makaniko musanapeze njinga, ndipo mupite naye kokaona. Pa ndalama zomwe muli nazo, patulani gawo la matayala, batire, oilo, helimeti yeniyeni, jekete, magolovesi ndi nsapato, za anthu awiri ngati mukufuna kunyamula mnzanu. Zikapanda kukwana, ndiye kuti njingayo simunaikwanitse. Walira mvula walira matope. Ndipo kunyumba kambiranani ndalama zisanatuluke.

Pomaliza, pemphani wogulitsayo kuti muigoneke pa kapinga pang'onopang'ono, ndipo muidzutse nokha popanda wokuthandizani. Mukalephera pamaso pake, mudzalepheranso usiku pakati pa Ntcheu ndi Balaka pomwe palibe wokuonani. Msuweni wanga ndinamufunsa mwezi watha ngati anayamba wachidzutsapo yekha chinjinga chake. Anaseka n'kunena kuti tsiku lomwe chinagwa pageti anaitana anyamata atatu a kabaza, n'kuwalipira.