Tsokonombwe Adatha Mtunda N'kulumpha

Ku America kuli makomo ena kumene galimoto imagona panja chaka chathunthu, mvula ndi chisanu zili kuimenya, chonsecho galaja ilipo. Mukasuzumira m'galajamo mupeza chimene chidailanda malo: phiko la ndege litagona pa thebulo, mchira atauyedzamitsa kukhoma, ndi mapepala a pulani ali mbwee ponseponse. Mwini khomolo sagwira ntchito ku kampani yopanga ndege ayi. Mwina ndi mphunzitsi, mlimi kapena makaniko, koma madzulo akaweruka amalowa m'menemo kukapanga ndege yakeyake, yoti tsiku lina adzaulukemo.

Kwa ife izi zikumveka ngati nthano, koma kumeneko si zachilendo. M'chaka cha 1953 a Paul Poberezny adayambitsa bungwe la anthu otere mu mzinda wa Milwaukee, lotchedwa Experimental Aircraft Association, mwachidule EAA. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Julaye anthu a bungweli amasonkhana ku Oshkosh, m'chigawo cha Wisconsin, ndipo kumatera ndege zoposa 10,000. Mwa ndege zimenezi mumakhala mazanamazana zopangidwa pakhomo. Lamulo la dzikolo limalola zimenezi, malinga ngati munthu wapanga yekha gawo loposa theka la ntchitoyo, ndipo wachita izi pofuna kuphunzira kapena kusangalala, osati malonda.

Koma amene amaoneka ku Oshkosh ndi okhawo amene adamaliza. Alipo enanso ambiri amene sitiwaona pa zithunzi, amene mchira wa ndege yawo udachita fumbi m'galaja mpaka ana adakula n'kuchoka pakhomo. Tsono funso langa ndi ili: kodi chimasiyanitsa womaliza ndi wosiyira panjira n'chiyani? Ine ndikuti si nzeru, si ndalama zokha, komanso si moto umene munthu amakhala nawo mumtima tsiku loyamba. Womaliza ndi amene adaphunzira kugwira ntchito ngakhale tsiku limene motowo wazima.

Tiyeni tione kaye kukula kwa ntchitoyi. Ambiri sayamba ndi manja okha. Amagula zipangizo zodulidwa kale ku kampani monga Van's Aircraft ya ku Oregon, imene adayambitsa a Richard VanGrunsven, ndipo ndege zake zotchedwa RV zoposa 10,000 zidamalizidwa n'kuuluka. Zipangizozi amagulitsa m'magawo: choyamba mchira, kenaka mapiko, kenaka thunthu, pomaliza zotsala. Malata ake ndi a aluminiyamu, ndipo amalumikizidwa ndi timisomali totchedwa riveti, timene m'ndege imodzi timaposa 10,000. Kamsomali kalikonse kamafuna bowo lake, bowolo lisalazidwe bwino, ndipo kakakhomedwa mokhota kayenera kuchotsedwa n'kuikapo kena. Ndege yonyamula anthu awiri itha kudya maola pafupifupi 2,000. Aliyense wodziwa masamu awerengere yekha: wogwira maola 10 pa sabata adzatha pafupifupi zaka zinayi; wogwira ola limodzi pa tsiku adzatha zaka zisanu ndi theka; koma wodikira tchuthi cha Khirisimasi chokha, imvi zidzamupeza asanafike pa mapiko.

Chiyambi sichivuta. Mabokosi akafika pakhomo mtima umadumpha, anansi amabwera kudzaonerera, ndipo mchira umatha m'miyezi yochepa. Ambirife tikukumbukira m'mene zinkakhalira popanga galimoto yamawaya: thunthu linkatha masana amodzi, koma kuti chiwongolero chigwirizane ndi mateyala, pamenepo m'pamene ena ankaitaya n'kupita ku mpira. Ndege nayonso ili ndi malo ake ogwetsa ulesi. Oyamba ndi pakati, pamene munthu amabwereza ntchito imodzimodzi kwa miyezi osaona kusintha. Achiwiri ndi kumapeto. Ndege itaima pa mateyala ake aliyense amati yatha, chonsecho kwatsala mawaya amagetsi, mapaipi a mafuta, mabuleki, galasi lakutsogolo ndi zonse zozungulira injini. Eni ntchitoyi amaseka okha kuti ukaona ngati watsala pang'ono, dziwa kuti wangoyamba kumene. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi, chifukwa maso akuti yatha koma manja akuti ayi.

Nanga munthu angapirire bwanji? Choyamba, asadikire kuti mtima ufune. Mtima uli ngati mvula ya chizimalupsa, imene imagwa kamodzi n'kusowa. Mlimi wodalira imeneyo sakolola. Nzeru imene omaliza amapatsana ndi yoti tsiku lisadutse osakhudza ndegeyo, ngakhale kwa mphindi 15 zokha. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu akasiya mwezi wathunthu amaiwala pamene adalekezera. Akabwerera amatha madzulo onse kuwerenganso pulani ndi kufunafuna zida, n'kukagona osachita kanthu, ndipo mawa lake safunanso kulowamo. Koma amene dzulo adasalaza mabowo asanu, lero akudziwa pogwira.

Chitsanzo chabwino ndi kandege kotchedwa Pietenpol Air Camper. A Bernard Pietenpol a m'kamudzi ka Cherry Grove ku Minnesota adakaulutsa mu 1929 ndi injini ya galimoto ya Ford Model A, ndipo mpaka lero anthu amakapangabe ndi matabwa, guluu ndi nsalu. Phiko lake lili ndi nthiti zambiri, ndipo nthiti iliyonse imapangidwa ndi timitengo ting'onoting'ono tomatidwa pa chikombole chimodzi. Popeza guluu amafuna nthawi kuti agwire, ambiri amapanga nthiti imodzi madzulo, n'kuisiya igone, mawa n'kupanga ina. Munthu amene akuganiza za ndege yonse angalefuke, koma nthiti imodzi siopsa munthu. Paja akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kulumpha. Sadauone wonse mtundawo. Ankangoona pamene akagwere.

Palinso buku limene wopanga ndege amalembamo ntchito ya tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi zithunzi. Cholinga chake chenicheni n'choti adzaonetse oyendera a boma kuti ndegeyo adapangadi yekha. Koma ine ndikuona kuti bukuli lili ndi ntchito inanso. Tsiku limene munthu akuona ngati palibe chimene wachita, angathe kutsegula masamba a chaka chatha n'kuona kuti nthawi imeneyo phiko ili lidali malata chabe. Mtima umanama, koma buku silinama.

Chachiwiri, asadzitsekere yekha. Ntchito yeniyeniyo imaphunzitsa zimenezi, pakuti malo ambiri riveti sakhomeka ndi munthu mmodzi: wina amagwira chokhomera kunja, wina n'kutsamiza kachitsulo kolemera mkati. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. N'chifukwa chake bungwe la EAA lili ndi nthambi m'mizinda yambiri, kumene anthu amakumana n'kumayenderana m'magalaja. Lilinso ndi alangizi odziwa ntchito amene amabwera mwaulere kudzaona zimene munthu wapanga, asanatseke phiko ndi lata lomaliza. N'zowawa kuuzidwa kuti chimene wathera milungu itatu uchiphwasule. Koma safunsa adadya phula, ndipo phula la mumlengalenga ndi imfa. Kuonjezera apo, munthu akadziwa kuti Loweruka kubwera mnzake kudzaona, Lachitatu sakhala manja lende.

Chachitatu, kukhumudwa kukabwera, akusandutse funso. Abale awiri aja, Wilbur ndi Orville Wright, amene ankakonza njinga ku Dayton m'chigawo cha Ohio, nawonso adali opanga ndege pakhomo. Adayamba mu 1899. Mu 1901 adapita ku Kitty Hawk ndi ndege yopanda injini imene ankaidalira kwambiri, koma mapiko ake sadanyamule monga masamu adalonjezera. Adabwerera kwawo atataya mtima, ndipo Wilbur mwini adadzaulula pambuyo pake kuti chaka chimenecho adauza mng'ono wake kuti padzapita zaka 50 munthu asanauluke. Komabe sadatseke chitseko. Adadzifunsa kuti: kodi cholakwa chili pati? Adakhoma bokosi lopitamo mphepo, nayesamo timapiko ting'onoting'ono pafupifupi 200 tosiyana maonekedwe, mpaka adapeza manambala awoawo odalirika. Pa 17 Disembala 1903 ndege yawo idauluka masekondi 12, mtunda wa mamita 37. Zaka zinayi za thukuta, malipiro ake masekondi 12! Munthu amene amangoti "zakanika" wafika pa mapeto. Amene amati "chakanika n'chiti" ali ndi ntchito yoti agwire mawa.

Tsono pali chenjezo limene sindingalisiye. Wina angamve ngati ndikuti chachikulu n'kumaliza basi. Ayi ndithu. Chilakolako chomaliza chingasanduke mdani woposa ulesi. Waulesi ndege yake imangochita fumbi, koma wopupuluma amaiulutsa isanakonzeke. Mu 2012 bungwe la boma la America lofufuza za ngozi, la NTSB, lidatulutsa kafukufuku wa ndege zopangidwa pakhomo, ndipo lidapeza kuti ngozi zambiri zimachitika pa ulendo woyamba ndi m'maola oyambirira, kawirikawiri chifukwa cha injini kapena kayendedwe ka mafuta. Tangoganizani munthu amene wapirira zaka zisanu ndi ziwiri, anzake akumufunsa tsiku ndi tsiku kuti iuluka liti, iye n'kunena mumtima kuti kapaipi aka ndidzakaona bwino pambuyo pake. N'chifukwa chake oyendera amayamba aona ndegeyo, ndipo ikaloledwa imayesedwa kaye, kawirikawiri maola 25 kapena 40, m'dera limene apatsidwa, osanyamula achibale kapena anzake okaona dziko. Kuthamanga sikufika. Ine ndikuti munthu asadziikire tsiku loulukira. Adziikire ntchito ya sabata ino.

Ena adzati: kodi si kutaya nthawi ndi chuma kumeneku? Kodi munthu sangasiye? Funsoli ndi loona ndipo sindilithawa. Ndege yotere imadya ndalama zambiri, ndipo injini yokha ingapose mtengo wa galimoto yabwino. Imadyanso madzulo amene bambo kapena mayi akadakhala ndi ana ake. Ngati pakhomo pagwa matenda, ngati fizi ya ana yasowa, ndegeyo iyenera kudikira, ndipo wodikiritsayo sadalephere. Ndege yomalizidwa pakhomo pamene anthu asiya kulankhulana ndi yopanda phindu. Anzeru amakambirana ndi a pabanja pawo asanagule bokosi loyamba, amagwirizana za masiku ogwira ndi masiku opuma, ndipo amapatsa ana kachitsulo kaja kuti agwire, ndegeyo ikhale ya onse.

Ndiponso alipo amene amazindikira moona kuti ntchitoyi siyawo. Otere amagulitsa zimene adapanga kwa wina amene adzamalize, ndipo ndege zambiri zimene zikuuluka lero zidadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Pamenepa palibe manyazi. Chimene ine ndikutsutsa ndi njira yachitatu, ya munthu amene sakugwira komanso sakusiya, amene chaka ndi chaka amauza alendo kuti ayambiranso mwezi wa mawa. Ameneyu akudzinamiza. Ndege yake yasanduka ngongole imene imamuyang'ana nthawi zonse akatsegula galaja. Kuli bwino kusankha chimodzi: kugulitsa lero, kapena kutenga chida lero.

Mu Disembala 1986 ndege yotchedwa Voyager idazungulira dziko lonse lapansi masiku 9 osatera ndiponso osamwetsa mafuta panjira. Adaijambula ndi a Burt Rutan, ndipo adaiyendetsa ndi mkulu wawo a Dick Rutan pamodzi ndi mayi Jeana Yeager. Dziko limakumbukira masiku 9 amenewo. Ochepa ndi amene amakumbukira kuti ntchitoyo idatenga zaka zisanu m'shedi ya ku Mojave, m'chipululu cha California, ikugwiridwa ndi kagulu kochepa, ambiri mwa iwo ongodzipereka, ndalama zili zopemphapempha. Anthu amaombera m'manja tsiku louluka, koma ndege imapangidwa masiku amene palibe woombera m'manja.

Choncho, okondedwa awerengi, mukadzaona chithunzi cha munthu akumwetulira pambali pa kandege kake konyezimira, musadzati ameneyu adabadwa ndi mtima wina. Naye adatopapo, adakhomapo riveti mokhota, adaphwasulapo chimene adamanga, ndipo mwina adasiyapo miyezi ingapo. Kusiyana kwake n'kwakuti madzulo ena ozizira, atadya chakudya, mtima usakufuna n'komwe, adadzuka pa mpando, nayatsa nyali ya m'galaja, napanga nthiti imodzi. Ndipo mawa lake adapanga inanso.