Dotolo atakayikira mnzake: phunziro la mlandu wa Shipman

Kuyambira pa 9 Sepitembala 2024, imfa iliyonse ku England ndi Wales imene sikufufuzidwa ndi mkulu woona za imfa zokayikitsa imaunikidwa ndi dotolo wapadera amene sanathandizepo malemuyo. Imodzi mwa nkhani zimene zinabala lamuloli ndi ya dotolo Harold Shipman wa m'tauni ya Hyde, kufupi ndi Manchester.

Amene anayamba kudziwitsa akuluakulu za Shipman anali dotolo mnzake, Linda Reynolds. Kumeneko, mtembo usanatenthedwe, pankafunika kuti dotolo wachiwiri asayinire chikalata. Reynolds anadabwa ndi kuchuluka kwa zikalata zochokera kwa Shipman, zambiri za amayi achikulire omwalira mwadzidzidzi kunyumba. Mu Malichi 1998 anakauza John Pollard, mkulu woona za imfa m'deralo, ndipo nkhaniyo inapita kupolisi.

Apolisi anatseka kafukufukuyo mu Epulo, atapeza kuti palibe mlandu. Iwo anadalira dotolo wina amene anangowerenga mabuku a odwala olembedwa ndi Shipman mwiniwake. Sanapimitse mtembo ndi umodzi womwe, komanso sanafufuze mbiri yake, ngakhale kuti mu 1976 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wolemba mwachinyengo zikalata zotengera mankhwala a pethidine. Shipman anapha anthu ena atatu asanagwidwe.

Womaliza anali Kathleen Grundy wa zaka 81, amene anamwalira mu Juni 1998. Mwana wake, yemwe anali loya, anakayikira wilo yopatsa Shipman chuma cha mayi ake. Ulendo uno apolisi anafukula mtembo, ndipo akatswiri anapezamo chizindikiro cha mankhwala a diamorphine. Anaunikanso kompyuta ya Shipman ndi kupeza kuti ankasintha mbiri za odwala atamwalira kale, kuti imfa zawo zioneke ngati za matenda.

Pa 31 Januwale 2000 khoti linamupeza wolakwa pa milandu 15 ya kupha. Mu 2002 kafukufuku wotsogozedwa ndi Dame Janet Smith anatsimikiza kuti Shipman anapha odwala 215.

Kusiyana kwa kafukufuku woyamba ndi wachiwiri kuli pa umboni. Poyamba apolisi anakhulupirira zolemba za woganiziridwayo. Kachiwiri anafunsa mtembo ndi kompyuta, zimene iye sakanatha kuzinyengerera. Chikayiko cha Reynolds chinali cholondola kuyambira pachiyambi, koma chinagwera m'manja mwa anthu osadziwa kuchiyesa.

N'chifukwa chake dongosolo latsopanoli limafuna kuti dotolo wounikayo apatsenso abale a malemu mwayi wonena ngati pali chimene chawadabwitsa. Komabe lamulo palokha silingakwanire. Mphamvu yake idzaoneka pamene dotolo wina adzakayikire mnzake wolemekezeka, ngati apolisi adzafunefune umboni woima paokha m'malo mongokhutira ndi zolemba za wokayikiridwayo.