Kuphatikiza Masheya: Kodi Mwini Wake Amataya Kanthu?

Mwa makalata onse amene munthu wokhala ndi masheya angalandire, palibe yodzidzimutsa ngati ija yomuuza kuti masheya ake achepa pamene iye sanagulitseko ngakhale imodzi. Dzulo anali nawo 800, lero kalata ikuti ali nawo 700. Munthu wotere akayamba kuganiza kuti wina akumudyera masuku pamutu, sitingamudzudzule. Komatu mchitidwewu ndi wololedwa ndi malamulo a makampani. Angerezi amautcha share consolidation, Amereka amati reverse stock split, ndipo ife tingoti kuphatikiza masheya. Zinachitikapo kale kwa Amalawi anzathu, kotero nkhaniyi si ya kutsidya kwa nyanja kokha.

Tiyambire kunyanja yathu yomwe. Chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ku Salima kuno, amachitseka m'nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Chikatsegulidwa, asodzi a chilimira amabwera ndi utaka padoko la Chikombe, ndipo aliyense amene anagulapo nsomba pamenepo amadziwa kuti mtengo wa mulu sutanthauza kanthu usanaone kukula kwa muluwo. Wogulitsa atapasula milu khumi ya K500 n'kuunjika mulu umodzi wa K5,000, utaka sunachuluke ndiponso sunachepe. Chasintha ndi kawerengedwe basi.

Masheya nawo n'chimodzimodzi. Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Ngati kampani ili ndi masheya 1,000,000 ndipo inu muli nawo 1,000, ndiye kuti pa magawo 1,000 a kampaniyo, limodzi ndi lanu. Akaphatikiza khumi kukhala imodzi, masheya onse adzakhala 100,000, anu 100, ndipo gawo lanu likhalabe lomwe lija. Mtengo wa sheya imodzi pamsika umakwera kakhumi tsiku lomwelo, osati chifukwa kampani yalemera, koma chifukwa mulu wakula. Awa ndi masamu a Fomu 1. Chovuta, chimene masamu sangayankhe, ndi funso lakuti akuluakulu a kampani achitiranji zimenezi.

Chitsanzo chathu choyamba ndi Old Mutual. Kampani ya inshuwalansiyi kale inali ya anthu omwe anali ndi mapolise ake. M'chaka cha 1999 inasintha kukhala kampani ya masheya, eni mapolise anapatsidwa masheya osalipira, ndipo inalembetsedwa m'misika ya London, Johannesburg, Namibia, Zimbabwe ndi Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Umu ndi momwe anthu ena, amene sanalotepo zolowa pamsika wa masheya, anangodzidzimuka ali eni kampani.

M'chaka cha 2012 Old Mutual inagulitsa malonda ake a kumayiko a kumpoto kwa Ulaya, odziwika ndi dzina la Skandia, pamtengo wa mapaundi 2.1 biliyoni. Pa ndalamazi, pafupifupi biliyoni imodzi inagawidwa kwa eni masheya, aliyense mapeni 18 a ku Britain pa sheya iliyonse. Mu Epulo chaka chomwecho masheya anaphatikizidwa: pa asanu ndi atatu alionse akale, munthu analandira asanu ndi awiri atsopano. Uja wa 800 anatsala ndi 700, koma anapatsidwanso ndalama zokwana mapaundi 144, kapena makwacha olingana nazo.

Taganizani gulu la asodzi limene lili ndi mabwato asanu ndi atatu, lagulitsa limodzi n'kugawana ndalama zake. Chuma cha gulu chachepa, koma cha munthu aliyense sichinachepe, pakuti mbali ina tsopano ili m'thumba mwake. Old Mutual ikanasiya chiwerengero cha masheya monga chinalili, mtengo wa sheya imodzi ukanatsika ndi mapeni 18 aja, ndipo osadziwa akanati kampani ikugwa. Kuphatikizako kunali kongofuna kuti mtengo wa lero uzifanana ndi wa dzulo. Apa palibe amene analira.

Chitsanzo chachiwiri ndi chowawa. Achikulire akukumbukira Lonrho, kampani imene inali ndi minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa isanagulitse malonda a shuga kwa Illovo mu 1997. Chotsala cha kampaniyo chinatenga dzina la Lonmin mu 1999 ndi kulimbika pa migodi ya platinum ku South Africa. Ndi pamgodi wake wa Marikana pamene apolisi anapha anthu 34 onyanyala ntchito pa 16 Ogasiti 2012. Pofika 2015 mtengo wa platinum unali utagwa, ngongole zili m'khosi, ndipo Lonmin inapempha eni ake kuti aikemo ndalama zina. Pa sheya iliyonse yakale inatulutsa masheya atsopano 46, pamtengo wa peni imodzi yokha. Masheya atachuluka ngati mchenga wa ku Senga Bay, mu Disembala chaka chomwecho anawaphatikiza, 100 kukhala imodzi.

Tsono onani pamene panagona nkhani. Munthu amene anali ndi masheya 1,000 koma analibe ndalama zogulira atsopanowo anatsala ndi 10. Iye akanaloza chala kuphatikizako, koma chimene chinamupweteka chinali chitachitika kale: masheya atsopano aja atatuluka, gawo lake la kampani linatsika kufika pa limodzi mwa magawo 47 a lomwe anali nalo poyamba. Kuphatikiza kunangobwera kudzasesa pabwalo maliro atatha. Mtengo wa sheya imodzi unaoneka wolemekezeka ndithu, koma matenda sanachoke, ndipo mu 2019 Lonmin inagulidwa ndi Sibanye-Stillwater, dzina lake n'kuchoka pamsika.

Ine ndimaona kuti makampani ambiri ochita zimenezi amafanana ndi Lonmin koposa Old Mutual. Kampani yathanzi siisowa kukuza mulu kuti ogula aime. Misika ina, monga ya ku New York, imachotsa kampani imene mtengo wa sheya yake wakhalitsa pansi pa dola imodzi, choncho kuphatikiza kumakhala njira yothawira manyazi amenewo. Ophunzira athu otsiriza sukulu, amene masiku ano akumva za msika wa masheya pawailesi ndi m'mafoni, asakopeke poona kuti sheya ya dzulo ya K2 lero ili pa K20. Ayambe afunsa ngati kalata yophatikiza inabwera pamodzi ndi ndalama zopatsidwa kwa eni masheya, kapena inabwera pambuyo pa pempho lakuti iwo apereke.

Pali kanthu kenanso kamene kamakhudza makamaka ife a masheya ochepa. Chiwerengero sichigawika bwino nthawi zonse. Wa masheya 100 a Old Mutual anayenera kulandira 87 ndi theka, koma theka la sheya kulibe. Kawirikawiri makampani amasonkhanitsa tizidutswa totere, kutigulitsa, ndi kutumiza ndalama zake kwa eni ake. Kwa wolemera izi ndi nyenyeswa chabe. Koma pamene 100 akusanduka imodzi, wa masheya 60 satsala ndi sheya iliyonse: amachotsedwa m'kaundula wa eni kampani asanapemphe, ndipo ndalama zake zochepazo zimamupeza pokhapokha ngati keyala kapena akaunti yake ya kubanki ili yolondola.

Mabanja amene akusungabe m'sutikesi chikalata cha Old Mutual cha 1999, mwina cha bambo kapena mayi amene anatisiya, adziwe kuti nambala yolembedwa pamenepo inasintha mu 2012. Mu 2018 kampaniyo inagawidwanso, ndipo imene ili pamsika wa ku Blantyre tsopano ndi Old Mutual Limited, ya ku South Africa. Chiwerengero chenicheni cha lero chili m'kaundula wa kampani, ndipo wogulitsa masheya aliyense wovomerezeka ndi Malawi Stock Exchange angawalozere kokachifunsa, atanyamula chikalatacho ndi chiphaso cha mwini wake kapena makalata a chuma cha masiye.