Moyo wa wodwala umapulumukira ku wodi akatuluka mu fiyeta

Lilongwe, Mana: Mabanja ambiri a ku Kanengo, Mgona ndi Area 25 amapumira m'mwamba akamva kuti m'bale wawo watuluka mu fiyeta pa chipatala chachikulu cha Kamuzu kapena cha Bwaila. Koma kwa akatswiri a zaumoyo, imeneyi ndiyo nthawi yofunika kukhala maso kwambiri.

Umboni wake udapezeka m'dziko momwe muno. Kafukufuku amene adatsogolera Dr. Paul Fenton, yemwe adayambitsa sukulu ya akatswiri ogonetsa odwala ku Blantyre, adaunika maopaleshoni 8,070 a amayi oyembekezera pakati pa 1998 ndi 2000. Amayi 85 adamwalira, ndipo 65 mwa iwo adatsirizikira ku wodi opaleshoni itatha kale.

Vutoli lidaonekanso m'mayiko 25 a mu Africa pa kafukufuku amene adasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2018. Mwa odwala 11,422, okwana 239 adamwalira, ndipo pafupifupi onse adamwalira tsiku la opaleshoni litadutsa.

Gwero la ngozi m'maola oyambirira ndi njira ya mpweya. Munthu amene wapatsidwa mankhwala ogonetsa thupi lonse satsitsimuka kamodzinkamodzi. Minofu ya kukhosi imakhala idakali yolefuka, kotero akagona chagada lilime limagwera kumbuyo n'kutseka mmero. Iye satha kutsokomola kapena kumeza bwino, ndipo akasanza, masanziwo amalowa m'mapapo. Mankhwala a ketamine, omwe zipatala zathu zimawadalira kwambiri, amachulukitsanso malovu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chizindikiro choyamba chimanamiza. Wodwala akayamba kuliza mkonono, omudikirira amati wapeza tulo tabwino, pamene mpweya ukuvutika kudutsa.

Chithandizo chake sichilira ndalama zambiri. Namwino amagoneka wodwalayo chammbali, kukweza chibwano, kukankhira nsagwada kutsogolo, kupopa malovu ndi kumupatsa okosijeni. Kachipangizo kopanira pa chala, kotchedwa pulse oximeter, kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, ndipo nambala ikatsika kupyola 90 ndiye kuti zinthu zavuta. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika kachipangizoka pa mndandanda wa zofunika pa opaleshoni mu 2008, ndipo bungwe la Lifebox lagawa tambiri m'zipatala za dziko lino.

Komabe kachipangizo kamangolira. Kukweza nsagwada kumafuna manja. Apa ndi pamene pagona nkhani. M'zipatala za boma namwino mmodzi amasamala odwala ambiri nthawi imodzi, makamaka usiku, ndipo amene amakhala pambali pa bedi ndi gadiyani wochokera ku Chinsapo kapena ku Kawale, yemwe sadaphunzitsidwepo chilichonse. Mwa chikondi, ena amafulumira kumwetsa wodwala madzi kapena phala asadatsitsimuke bwinobwino.

Kumanga mafiyeta atsopano kumaoneka ndipo kumaomberedwa m'manja, koma fiyeta iliyonse iyenera kukhala ndi chipinda chotsitsimukira chokhala ndi namwino amene alibe ntchito ina. Wodwala asachoke m'chipindamo mpaka atayamba kuyankha akaitanidwa dzina ndi kudzutsa yekha mutu. Nawonso magadiyani auzidwe m'Chichewa chomveka, wodwala asadalowe mu fiyeta, kuti mkonono, kupuma mobanika ndi milomo yosintha mtundu ndi zifukwa zothamangira kwa namwino nthawi yomweyo.