Ngakhale Bruce Lee anagwapo ndi ukapitawo

 Sabata ino tisiye kaye za mtengo wa nandolo. Tikambe za munthu amene ambirife tinamuonera titapanikizana pa benchi m'kanyumba ka vidiyo, jenereta ikulira kuseri, mazenera atatsekedwa ndi ziguduli. Ndikunena Bruce Lee.

Mkuluyu anabadwira ku San Francisco mu 1940, nakulira ku Hong Kong, ndipo anamwalira pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 zokha. Filimu yake yotchuka zedi, Enter the Dragon, inatuluka mwini wake atatisiya kale. Kuno tinadzamuonera mochedwa, pa matepi otopa, komabe potuluka mnyamata aliyense ankaponya mateche m'mwamba. Amene munang'amba kabudula wa sukulu mukudzidziwa.

Nthawi imeneyo tinkangowerenga zibakera basi. Nkhani yake ndinadzaimvetsa nditayamba kudula chiphaso cha pamsika.

Takumbukirani The Big Boss ya mu 1971. Bruce Lee ndi Cheng, mnyamata wosauka amene wapita ku Thailand kukagwira ntchito pa fakitale ya madzi oundana, atalonjeza mayi ake kuti ndewu waisiya. Mwini fakitale amabisa mankhwala ozunguza bongo m'kati mwa madzi oundanawo. Antchito amene atulukira chinsinsichi akusowa, opita kukafunsa nawonso osabwerako. Anzawo akunyanyala ntchito, ndewu ikubuka, Cheng akuonetsa mphamvu zake. Ndiye mabwana akutani? Akumupatsa ukapitawo, namuitanira kuphwando, mowa mbwee! Munthu amene anzake amamudalira kuti akafunse za abale osowa akuledzera, funso lija osalifunsa. Podzatsegula maso, abale ake ambiri aphedwa kale.

Mu The Way of the Dragon ya mu 1972, iye ndi Tang Lung, wopita ku Rome kukateteza malo odyera amene zigawenga zikufuna kulanda. Tonse timakumbukira ndewu yake ndi Chuck Norris mu Colosseum. Koma ndani akukumbukira mdala Wang, wa pamalo odyera omwewo, amene onse ankamukhulupirira? Ndi iyeyo amene anagwirizana ndi zigawenga chifukwa cha ndalama, nabaya anyamata awiri a mbali yake yomwe.

Mwaiona nkhaniyo? M'mafilimu awiri onsewa mdani sanadalire zibakera zokha. Anagula munthu wa m'kati.

Pamsika wina umene ndinkagulitsapo matemba, dzina sinditchula, chimbudzi chinadzaza, zinyalala mulu, chikhalirecho chiphaso timadula tsiku ndi tsiku. Tinasankha tcheyamani wolankhula mosaopa kuti akatidandaulire kwa akuluakulu. Ulendo woyamba anabwerako akutukwana. Wachiwiri anabwerako ndi alawansi. Wachitatu anabwerako atapatsidwa benchi ya pakhomo penipeni pa msika, nayamba kutiuza kuti tidekhe, zinthu zili m'mapulani. Mvula itabwera, amayi a tomato ndi amene anagulitsa ataima m'matope.

Sindikuti tcheyamani aliyense ndi Wang, ayi. Ambiri ali ngati Cheng: anthu abwino, anjala ngati ife tomwe, amene sanayambe aitanidwapo pa tebulo la mabwana. Cholakwa chathu n'kutuma munthu mmodzi yekha, ife n'kukhala pansi kudikira ngati tikuonera vidiyo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tsono tichite chonchi. Potuma nthumwi tizituma atatu, ndipo pakhale mayi. Akabwerako afotokoze tsiku lomwelo pagulu, osati kumowa. Alawansi ngati alandira anene, si mlandu. Madandaulo alembedwe pa pepala, kope lina litsale ndi mlembi. Podula chiphaso tizilandira lisiti, chifukwa ndi umboni wathu pofunsa kumene ndalama zikupita. Ndipo mpando wa komiti si ufumu, ukhale ndi nthawi yake yothera.

Ku vidiyo tinkati ekita safa. Pamsika palibe ekita, abale. Bruce Lee ankatha kudzuka mochedwa n'kugwetsa gulu lonse yekha. Ife tikadzuka mochedwa tipeza mpamba utapita.

Tionana sabata yamawa, malonda ayende.